Malo a pa chionetsero akutha pa foni

Wogulitsa zitenje akamva mochedwa za chionetsero cha malonda, amapeza malo onse atatha. Mapulogalamu a pa intaneti monga Eventbrite, yomwe idayamba ku America mu 2006, amachepetsa vutoli. Wokonza chionetsero amalembamo tsiku, malo ndi mtengo. Wamalonda amafufuza zochitika za m'dera lake n'kulembetsa dzina. Pulogalamuyo imawerengera malo otsala, ndipo akadzaza imatseka.

Wopanga pulogalamu yotere kuno aikemo Airtel Money ndi TNM Mpamba, poti mavenda ambiri alibe khadi la kubanki, komanso isamadye bandulo yambiri. Wamalonda naye asatumize ndalama asanatsimikize kuti chionetserocho chilikodi, ndipo uthenga wa malipiro ausunge ngati lisiti.