Uthenga wa ulimi uzifika mbozi zisanafike

Ku Chibanja kumene ndimakhala ndi mumzinda wa Mzuzu ndithu, koma ambiri a ife khasu sitinalitaye. Wina ali ndi kadimba ka mpiru ndi tomato kudambo, wina amalima chimanga kwawo ku Ekwendeni kapena ku Mpherembe. Abale akumudzi akabwera kudzagula feteleza amagona kwa ife, ndipo pobwerera amasenza thumba pamodzi ndi nkhani zimene amva m'tauni, zoona ndi zabodza zomwe.

Alimi anzanga, takumbukani za mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija. Zinachokera ku America, zinaoneka kumadzulo kwa Africa mu 2016, ndipo pofika mu Disembala 2017 pulezidenti wa nthawiyo, a Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Chimene ndinaona ine kuno n'chakuti mbozi zinayenda msanga kuposa malangizo. Anthu ankathira sopo wochapira, ena dothi, ena msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidye mbozizo. Ena anagula mankhwala a m'timabotolo topanda dzina kwa ogulitsa a m'mbali mwa msewu, napopera masana dzuwa lili pamutu, mbozi itabisala m'kati mwa nsonga ya chimanga. Ndalama zinapita, chimanga chinapitanso.

Chikhalirecho malangizo ake ngafupi. Yendera munda chimanga chikangomera, yang'ana mazira pamasamba ndi kuwaphwanya, ndipo ngati ukupopera, popera m'mamawa kapena madzulo, kulunjika m'nsonga momwemo. Mawu amenewa akanafika kwa mlimi mu Novembala, m'chilankhulo chake, minda yambiri ikanapulumuka.

Nkhani ya chilankhulo si yaing'ono kuno kumpoto. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, ndipo chinabwereranso mu 1994. Pa zaka zonsezo agogo athu ankamva za ulimi m'Chichewa kapena m'Chingerezi basi. Lero zinthu zasinthako, pakuti tili ndi Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane mu Mzuzu momwe muno, komanso Mzimba Community Radio. Koma botolo la mankhwala likadalembedwabe m'Chingerezi, ndi timalemba tofunika mandala. Mlamu wanga wakumudzi amadikira mwana wa Fomu 2 aweruke kusukulu kuti amuwerengere mlingo.

Ena amati foni yathetsa zonse. Ine ndikuti pang'ono chabe. Pakhomo pambiri foni imakhala m'thumba mwa bambo, ndipo wailesi nayo amapita nayo ku bawo, pamene amene akupalira ndi mayi. Kwina kotchajira nkutali, mayunitsi ndi ndalama. Tsono pa WhatsApp pamayenda uthenga wa mbewu "yozizwitsa" womwe mwini wake sadziwika.

Pamene alimi amapwetekeka kwambiri mpamitengo. Chaka chilichonse boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma venda ndi sikelo yake amafika pakhomo uthengawo usanafike. Mlimi wosadziwa mtengo sangatsutsane naye, makamaka fizi ya mwana ikumudikira.

Nzeru siili kutali ayi. Malo ofufuzira za ulimi a Lunyangwa ali mumzinda uno, likulu la Mzuzu ADD nalonso lili pompano. Chofunika ndi anthu oti ainyamule, chifukwa mlangizi mmodzi sangakwanitse midzi yonse imene amayang'anira. Kumene kuli makalabu omvera wailesi, alimi amamvera pamodzi, nakambirana, ndipo funso limene lawakanika amalisungira mlangizi.

Ife a ku tchalitchi kwathu tagwirizana kuti mitengo ya boma ikangolengezedwa tiziikopera pa mapepala m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, ndipo aliyense wokwera minibasi kupita kumudzi azitenga mapepala awiri, limodzi la anyakwawa, lina lokamata pachigayo. Pempho langa kwa a wailesi n'lakuti mitengoyi aziibwereza madzulo aliwonse kuyambira Epulo mpaka Juni, amayi ataweruka kumunda.