ZIPATA ZIWIRI ZA KU JONI: MAYESO A CHIZUNGU NDI ANTHU AMENE SANAYESEDWE

Pali funso limene limamveka kawirikawiri amuna akakhala pamodzi madzulo ataweruka ku ntchito, ndilo lakuti: kodi munthu wofuna kulowa m'dziko la eni ayenera kudziwa Chingerezi? Ena amati inde, pakuti akudziwa anamwino ophunzira bwino amene analembetsedwa mayeso a Chingerezi asanaloledwe kupita ku Mangalande. Ena amakana, nati agogo awo anafika ku Joni osadziwa ngakhale kulemba dzina lawo, ndipo panalibe wowabweza. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona. Chifukwa chake taganiza zolongosola nkhani iyi kuyambira pa chiyambi, pakuti mizu yake ili m'dziko lomwe lino la South Africa, ndipo makolo athu ali m'kati mwake.

Chiyambi chake ku Natal

Kuyambira chaka cha 1860 Azungu a ku Natal anali kuitanitsa Amwenye kuti adzalime nzimbe pa pangano la zaka zisanu. Anthu amenewa sanafunsidwe za sukulu, popeza chofunika chinali mikono yawo. Koma pambuyo pawo kunayamba kufika Amwenye ena odzilipirira okha ulendo, namanga masitolo, napikisana ndi Azungu pa malonda, ndipo apa mpamene mitima inayamba kuwawa. Mu Januwale 1897, pamene loya uja M. K. Gandhi anatsika m'sitima pa doko la Durban, khamu la Azungu linamzinga ndi kummenya.

Akulu a ku Natal anafuna lamulo lotsekera Amwenye kunja. Koma boma la ku London silinafune lamulo lotchula mtundu poyera, chifukwa Amwenye nawonso anali anthu a Mfumukazi Victoria. Tsono mu 1897 anapanga lamulo lochenjera, lakuti mlendo aliyense, mkulu wa pa doko akamuuza, alembe yekha kalata yopempha kulowa ndi kuisaina m'chilankhulo china chilichonse cha ku Ulaya. Wolephera anali mlendo woletsedwa. M'lamulomo munalibe mawu akuti Mmwenye kapena munthu wakuda, koma aliyense anadziwa amene msamphawo unatcheredwa. Munthu wodziwa kulemba Chigujarati kapena Chiarabu bwino lomwe anawerengedwa ngati mbuli.

Joseph Chamberlain, nduna yoyang'anira maiko olamulidwa ndi Angerezi, anaiyamikira njira iyi pamaso pa atsogoleri a maiko ena, ndipo inafalikira. Dziko la Australia mu 1901 linalamula kuti mlendo alembe mawu 50 amene mkulu wa boma amuwerengera, m'chilankhulo cha ku Ulaya chosankha mkuluyo. Mu 1934 kunafika mlembi Egon Kisch, munthu wodziwa zilankhulo zingapo za ku Ulaya. Koma popeza boma silinamfune, linamuyesa m'Chigeliki cha ku Scotland, nalephera. Bwalo lalikulu la milandu linakana mayeso amenewo, koma lamulo lenilenilo linakhalapobe kufikira 1958. Apa tiona kuti mayeso otere sanali oyesera nzeru za munthu ayi. Anali mpiringidzo umene mlonda amatsekera kapena kutsekulira monga mwa chifuniro cha mbuye wake.

Mmene zinafikira ku Johannesburg

Dziko la Cape linatengera lamulo lomweli mu 1902, ndipo pomwepo panabuka vuto. Ayuda ambiri ochokera ku Lithuania ndi ku Russia anali kulankhula Chiyidishi, chimene chimalembedwa ndi zilembo za Chihebri. Atsogoleri awo, monga Morris Alexander, anakadandaula ku boma, ndipo mu 1906 lamulo linavomereza kuti Chiyidishi nacho ndi chilankhulo cha ku Ulaya. Iwo amene anali ndi owanenera anatsekuliridwa khomo.

Ku Transvaal lamulo la mayeso linafika mu 1907, chaka chomwecho chimene Amwenye analamulidwa kulembetsa maina ndi kudinda zala zawo. Gandhi, amene pa nthawiyo anali ndi ofesi yake mu Johannesburg, anati ngati lamulo likufunadi maphunziro, Mmwenye wophunzira aloledwe. Mu Juni 1908 mnyamata wina wodziwa Chingerezi bwino, Sorabji Shapurji Adajania, analowa m'Transvaal poyera, wokonzeka kulemba mayeso alionse. Mayesowo sanamgwetse, koma anaimbidwa mlandu pa lamulo lina lija la kulembetsa, naponyedwa m'ndende. Pa 16 Ogasiti chaka chomwecho Amwenye anasonkhana pa mzikiti wa Hamidia mu Johannesburg, natentha ziphaso zawo zoposa 2,000 mumphika waukulu wachitsulo.

Zigawo zinayi zitaphatikizana kukhala dziko limodzi mu 1910, panatuluka lamulo lalikulu la alendo la 1913. Lamuloli linaletsa munthu wosatha kuwerenga ndi kulemba chilankhulo cha ku Ulaya mokhutiritsa mkulu wa pa malire. Linapatsanso nduna mphamvu yoletsa gulu lonse la anthu limene iyo iyesa kuti makhalidwe awo sayenerana ndi dzikoli, ndipo ndunayo sinachedwe kuikamo anthu onse a ku Asia. Kuyambira pamenepo ngakhale wokhoza mayeso sanapindule nako kukhoza kwake.

Chipata cha kuseri

Tsono mudzafunsa kuti: nanga makolo athu analowa bwanji, anthu osadziwa Chizungu? Yankho lake lili pansi pa nthaka ya Joni. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo mwala wake ndi wosauka ndi wakuya, kotero kuti mgodi sukadapindula popanda amuna zikwizikwi a malipiro ochepa. Eni migodi sakadalola kuti amuna amenewa abwezedwe pa malire chifukwa cha cholembera. Chotero malamulo anasiya mpata wakuti anthu olowa pa pangano la ntchito, movomerezana ndi maboma oyandikana nawo, asakhudzidwe ndi mayeso. Umu ndimo analowera a ku Mozambique pa mapangano a 1901, 1909 ndi 1928. Umu ndimonso analowera Atchaina oposa 60,000 kuyambira 1904, amene pofika 1910 anali atabwezedwa kwawo.

Mayeso a pa chipata ichi anali a thupi. Mwamuna wolembedwa ndi Wenela anavulidwa malaya, naikidwa pa sikelo, dokotala namvetsera chifuwa chake, ndipo m'malo mosaina anadinda chala. Atafika ku komboni yaikulu ya Wenela mu Johannesburg, yotchedwa Mzilikazi, anayesedwanso asanagawidwe ku migodi. Chilankhulo chimene anaphunzitsidwa chinali Fanakalo, chongokwanira kumvera kapitawo ndi kutchula fosholo ndi chitsulo chobowolera mwala. Palibe anaganiza zomphunzitsa Chingerezi, pakuti munthu wodziwa Chingerezi amawerenga pangano lake.

Ife a kumpoto tinali ndi vuto lathulathu. Amuna a ku Nyasaland, monga dziko lathu linali kutchedwa, anayamba kulembedwa ntchito ya m'migodi ya Joni mu 1903, koma anali kufa ochuluka ndi chibayo chifukwa cha chisanu, kuthinana m'makomboni ndi chakudya chosakwanira. Mu 1913 boma linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa 22 wa pa mapu, umene umadutsa pafupi ndi mtsinje wa Limpopo. A ku Nyasaland, a ku Chipata, a ku Tete ndi a ku Niassa onse anagwera kunja kwa mzerewo. Chiletsochi chinayamba kumasulidwa mu 1933, nichotsedwa mu 1937.

Koma msonkho sunadikire zaka zimenezo. Amuna anapitabe pa selufu, akuyenda pansi kudutsa Rhodesia, nawoloka Limpopo usiku, ena nasintha maina kuti aoneke ngati a kumwera. Pamaso pa lamulo anali alendo oletsedwa, ndipo munthu woletsedwa alibe podandaulira. Ambiri anagwera m'manja mwa olemba anthu a m'mafamu. Mu 1947 mbusa Michael Scott ndi mtolankhani Ruth First anaulula nkhanza za m'mafamu a mbatatesi a ku Bethal, kumene antchito anali kutsekeredwa usiku ndi kukwapulidwa, ndipo pakati pawo panali abale athu a ku Nyasaland.

Mtengo wa kusayesedwa

Munthu angayese kuti kukhululukidwa mayeso unali mwayi. Ife tikuti mwayi umenewo unali ndi mbedza m'kati. Mzungu wolowa pa chipata cha kumaso analowa ndi mkazi ndi ana, nagula malo, nakhala mbadwa ya dzikoli. Mwamuna wolowa pa chipata cha kuseri analowa yekha, nagona m'komboni chaka chimodzi kapena ziwiri, gawo la malipiro ake nakalandirira kwawo, ndipo pangano likatha anakwezedwa ulendo wobwerera. Ngakhale abwere kasanu kapena kakhumi, zaka zake sizinamsandutse mwini mudzi. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo lamulo linaonetsetsa kuti mame amenewa akamuke msanga. Iwo amene anakana kubwerera ndiwo tinawatcha machona.

Ndipo tisayese kuti Chingerezi chikadatsekula chipata cha kumaso kwa munthu wakuda. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, anaphunzira ku Livingstonia, nadziwa kulemba Chingerezi koposa Azungu ambiri otsika m'sitima. Anafika ku Cape Town mu 1918, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU, limene pambuyo pake linasamutsira likulu lake ku Johannesburg. Mu 1920 boma linampatsa kalata yomuthamangitsa m'dziko, ndipo anapulumuka chifukwa chakuti panapezeka omunenera. Lamulo la 1937 linanena poyera zimene mayeso anali kubisa, lakuti wofuna kukhazikika akhale woti angasakanikirane ndi Azungu a m'dzikoli. Mawu amenewa anachotsedwa mu 1986.

Chipata cha kuseri nacho chinatsekeka. Pofika 1973 Amalawi m'migodi ya kuno anali oposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, niphetsa Amalawi 74, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambanso pang'ono mu 1977 kudzera ku Theba, koma inatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi.

Mmene ziliri tsopano

Lamulo la alendo limene lilipo ndi la 2002, ndipo siliika mayeso a Chingerezi pa munthu wopempha chilolezo cha ntchito kapena cha kucheza. Chimene lifuna ndi pasipoti yamoyo ndi chilolezo choyenerana ndi chimene munthu wadzera. Mmalawi amaloledwa kucheza masiku 30 popanda viza, koma chilolezo cha kucheza si chilolezo cha ntchito. Chilankhulo chimafunsidwa pa nkhani ya kukhala nzika: lamulo la 1995 liti wopempha azitha kulankhula chimodzi mwa zilankhulo za boma. Zilankhulozi zinali 11, ndipo mu 2023 anawonjezapo cha manja. Tsono Chizulu, Chisuthu kapena Chitsonga chimene munachitola kwa anzanu a pa ntchito chili ndi ulemu pamaso pa lamulo monga Chingerezi. Fanakalo palibe pa mndandandawo, ndipo Chichewa chathu palibenso.

Mayeso enieni a Chingerezi ali kutsidya la nyanja. Wofuna kukagwira ntchito kapena kukhazikika ku Mangalande ayenera kusonyeza kuti adziwa Chingerezi, kawirikawiri polemba mayeso olipira monga a IELTS. Mbadwa za America, Canada, Australia, New Zealand, Jamaica ndi zilumba zina za kumeneko sizilemba. Pa mndandanda umenewo palibe dziko la mu Africa ngakhale limodzi, chinkana Chingerezi ndicho chilankhulo cha boma ndi cha sukulu ku Malawi ndi ku Zambia. Amene ali ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi angathe kukhululukidwa akaonetsa umboni wake. Tivomereze kuti mayeso a lero ali ndi mafunso odziwika ndi malikisi owerengeka, ndipo munthu wolimbikira amakhoza. Pamenepo asiyana ndi a ku Natal aja. Koma funso lakuti ndani ayesedwe ndi ndani adutse chabe likadayankhidwabe ndi eni chipata.

Mawu athu kwa inu

Choyamba, musadinde chala kapena kusaina pepala limene simunalimve. Pemphani kuti likuwerengedwereni m'chilankhulo chimene mumva, ndipo musunge lanu. Safunsa anadya phula. Chachiwiri, sungani pasipoti, zilolezo ndi mapepala a malipiro pamalo pouma, pakuti pa tsiku la mlandu kapena la kufunsa ndalama za ukalamba, pepala ndilo limalankhula. Chachitatu, chenjerani ndi anthu ogulitsa zilolezo ndi masatifiketi m'makona a misewu. Munthu wogwidwa ndi pepala lonama amataya ndalama, ntchito ndi njira yobwererera. Chachinayi, wina akakuuzani kuti kwakutikwakuti akulemba anthu osafunsa kanthu, mufunse kuti mudzaloledwa kukhala nthawi yotani, ndi kuti mukavulala adzakulipirani ndani.

Chotsiriza, phunzirani kuwerenga ngakhale mutu wayera, ndipo ndalama zimene mutumiza kumudzi zisaiwale sukulu ya ana, aamuna ndi aakazi omwe. Makolo athu anamanga Joni ndi misana yawo, nabwerera kwawo ndi bulangeti, njinga ndi chifuwa, osaonapo ndi maso awo lamulo limene linawalowetsa ndi kuwatulutsa. Ife tili ndi mpata wa kuliwerenga, ndipo tiyenera kuliwerenga. Tsalani bwino, abale, mugwire ntchito mosamala.