Kubwerera ku mpikisano wa triathlon fupa litathyokapo

Triathlon ndi mpikisano wa masewera atatu otsatizana: kusambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga. Oyamba kumene amapikisana pa mtunda waufupi, mamita 750 m'madzi, makilomita 20 pa njinga ndi makilomita 5 othamanga. Kwa munthu wa ku Mtunthama wozolowera kupalasa njinga mpaka pa boma la Kasungu, makilomita 20 si nkhani. Nkhani ili pa mwendo womwe unathyokapo.

Fupa la munthu wamkulu limatenga masabata 6 mpaka 12 kuti ligwirane, ndipo la pamsongolo limachedwerapo. Ululu umatha fupalo lisanalimbe, ndipo apa ndi pomwe ambiri amanamizika. Komanso mwendo ukakhalitsa m'chikhakha minofu imafota. Pothamanga, phazi likamenya pansi mwendo umasenza mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. N'chifukwa chake a mafizo amayambitsa wovulala kusambira, poti madzi amanyamula thupi, kenako njinga. Kuthamanga kumadza pomaliza, mosinthana ndi kuyenda, dokotala ataona fupalo pa X-ray. Mwendo ukatupa kapena kupweteka m'mawa mwake, mtunda uchepetsedwe.

Kusambirako kuli ndi vuto lake m'dera lino. Madamu a m'minda ya fodya amatha kusunga nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timalowera pakhungu ngakhale popanda bala. Wosambira m'damu adikire chilonda cha opaleshoni chipole, ndipo akayezetse likodzo kuchipatala. Mankhwala ake ndi praziquantel.