Sipika ikamalira "huuu", vuto limakhala pa nthambo

Nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe ikafika, obwereketsa zokuzira mawu amapanga ndalama. Koma palibe chothawitsa makasitomala msanga kuposa sipika yolira "huuu" ankhoswe ali mkati molankhula. Anthu akamabalalika pamwambo wotero amapita akukamba za phokosolo ndi dzina la mwini zida. Ambiri zikatere amathamangira kukagula ampulifaya ina, pomwe nthawi zambiri vuto limakhala pa nthambo yotchipa.

Phokosoli limachokera ku magetsi. Magetsi a m'nyumba kuno ku Malawi ndi a 230 volts ndipo amagunda maulendo 50 pa sekondi. Nthambo yonyamula mawu a gitala kapena maikolofoni ikakhala yosatetezeka, imatola kugunda kumeneku, ndipo ampulifaya imakukuza pamodzi ndi nyimbo. Chitetezo chake ndi timawaya tamkuwa tolukana tozungulira waya wapakati, timene akatswiri amati shield. Nthambo yopyapyala timawaya timeneti, kapena yothothoka pa pulagi, ndiyo imalira.

Nthambo iliyonse ndi ntchito yake

Nthambo ya gitala ili ndi waya mmodzi pakati ndi shield. Pulagi yake ndi jack ya 6.35mm yokhala ndi kamzere kakuda kamodzi. Waya wapakati amawotchereredwa kunsonga, shield kuthunthu la pulagi. Nthamboyi isatalike kwambiri: ikapitirira mamita 6, mawu amayamba kuzilala ndipo phokoso limakula.

Nthambo ya maikolofoni ili ndi mawaya awiri pakati ndi shield, ndipo pulagi yake ndi XLR ya mapini atatu olembedwa manambala. Pini 1 ndi ya shield, pini 2 ndi ya waya wa hot, pini 3 ndi ya waya wa cold. Mawaya awiriwa amatola phokoso lofanana, ndipo likafika pa mikisa limafafanizana. N'chifukwa chake nthamboyi imatha kuyenda mtunda wautali, kuchoka pa tebulo la akwati mpaka kumbuyo kwa holo, osalira. Pa jack ya timizere tiwiri, hot imapita kunsonga, cold pa kamphete kapakati, shield kuthunthu.

Nthambo ya sipika ili ndi mawaya awiri onenepa ndipo ilibe shield. Kuiika pa gitala ndi kudziitanira phokoso. Nayo nthambo ya gitala ikaikidwa pakati pa ampulifaya ndi sipika imatentha ndipo ikhoza kuononga ampulifaya. Poti mapulagi ake amatha kufanana, wanzeru amamata tepi ya mtundu wosiyana pa nthambo za sipika.

Powotcherera

Shield ipotedwe bwino, pasatsale ngakhale kawaya kamodzi kongolendewera, chifukwa kakakhudza pini ina mawu amazima. Waya ndi pini zipakidwe mtovu kaye zisanalumikizidwe. Mfundo yabwino imagwira pini yonse mosalala. Yooneka ngati kachibulumwa imadzamasuka pamwambo. Chophimba cha pulagi chilowetsedwe pa nthambo ntchito isanayambe, ndipo kogwirira ka pulagi kafinye chikopa cha nthambo kuti munthu akaikoka mfundo isaduke. Pomaliza, multimeter iyese kuti pini 1 ikufika pa pini 1, 2 pa 2, 3 pa 3, ndi kuti palibe ziwiri zokhudzana.

Nthambo zili bwino koma ikulirabe

Apa nthawi zambiri vuto limakhala loti mikisa yalumikizidwa pa soketi ina, ampulifaya kapena kiyibodi pa soketi ina yakutali. Magetsi ochepa amayamba kuyenda mu shield pakati pa zida ziwirizo. Mankhwala oyamba salira ndalama: zida zonse za mawu zitenge magetsi pamalo amodzi, bola ekisitenshoni ikhale yamphamvu ndiponso ya mawaya atatu. Firiji ndi magetsi othwanima zipite kwina. Nthambo za mawu zisagone limodzi ndi za magetsi, ndipo zikakumana zipingasane ngati mtanda.

Likapitirira, kabokosi kotchedwa DI box kamathandiza pa kiyibodi kapena laputopu; kali ndi swichi ya ground lift yodula njira ya phokosolo. Ena amasunga kanthambo kafupi ka XLR kosalumikiza pini 1 mbali imodzi, koika pakati pa mikisa ndi ampulifaya. Kameneka kalembedwe chizindikiro, chifukwa pa maikolofoni sikayenera, makamaka yofuna 48 volts kuchokera ku mikisa.

Chimene sichiyenera kuchitika ndi kudula waya wa earth, wobiriwira ndi wachikasu uja, pa pulagi ya magetsi. Phokoso limatha ndithu, koma chida chikawonongeka mkati, magetsi amadutsa m'thupi la amene wagwira maikolofoni kapena zingwe za gitala. Mu 1972 woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, Les Harvey, anamwalira pa siteji ku Swansea atagwira maikolofoni yopanda earth yabwino. Mwini zida akadula waya ameneyu ndiye kuti waika pachiswe moyo wa m'busa, wa mkwatibwi ndi wake womwe.

Pali ndalama

Luso limeneli ndi malonda pa lokha. Nthambo ya maikolofoni imagulitsidwa m'mipukutu, yambiri ya mamita 100, ndipo wogula mpukutu ndi mapulagi ochuluka amatha kudula muyezo umene kasitomala akufuna. Matchalitchi, makwaya ndi ma DJ amakhala ndi mulu wa nthambo zoti zinafa, pomwe zambiri zinangoduka pafupi ndi pulagi. Kudula masentimita ochepa n'kuwotchereranso kumatenga mphindi zowerengeka.

Poika mtengo, wamalonda awerengere mamita a nthambo, mapulagi awiri, mtovu ndi nthawi yake. Pogula mpukutu, apemphe kusenda kansonga kuti aone kuchuluka kwa shield asanalipire. Ndipo nthambo iliyonse iyesedwe pa sipika kasitomala akuona: ikakhala chete pamaso pake, sadzavuta pa mtengo ndipo adzabweranso ndi anzake.