Mwana wapeza mapointi 24: alowera kuti?

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, pawailesi timamva za ana ochepa amene apeza mapointi 6 kapena 7, ndipo m'mudzi timanong'onezana za amene alakwa. Za mwana wapakatikati, amene wapeza mapointi 22, 24 kapena 29 pa sekondale yoyendera ya ku Kande, Mpamba kapena Usisya kuno ku Nkhata Bay, palibe amazikamba. Kukhoza wakhoza, koma pakhomo sadziwa ngati aphe nkhuku kapena ayi. Pakatha miyezi iwiri amalume ake amamuuza kuti akwere bwato azithandiza kukoka chilimira, apo ayi ayambe kusakasaka ya basi ya ku Joni. Ana otere ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo amaluza malo chifukwa palibe anawakhazika pansi n'kuwafotokozera mmene kusankha kumayendera.

Bungwe la MANEB limapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulakwa. Mapointi aja timatchula ndi kuphatikiza kwa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino koposa. Kuti munthu apikisane nawo pa malo a ku yunivesite ya boma, ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo imodzi ikhale ya Chingerezi. Apa ndi pamene ana ambiri akwathu amapunthwa. Wina amakhala ndi 2 pa Masamu ndi 3 pa Biology, koma Chingerezi chili pa 7. Ameneyo khomo la yunivesite lamutsekera kufikira atalembanso.

Kusankha ophunzira a mayunivesite a boma kumayendetsedwa pamodzi kudzera ku bungwe la NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011. Mayunivesite ake ndi asanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ya zaulimi ku Bunda, MUST ku Thyolo, ndi Mzuni yomwe tayandikana nayo ku Mzuzu. Zitatu zoyambazo zinali thupi limodzi mpaka mu 2021 pamene zinapatukana. Bungweli limatulutsa chilengezo chotchula zaka za mayeso zomwe zikuloledwa, ndalama yolipira ndi tsiku lotsekera, ndipo wophunzira amadzaza fomu imodzi, n'kundandalika maphunziro amene akufuna kuyambira amene wawaika pamtima.

Fomu imeneyi ndiyo imasiyanitsa ana ofanana nzeru. Maphunziro aliwonse a ku yunivesite ali ndi magiredi amene amafuna pa maphunziro akutiakuti a ku sekondale. Tiyerekeze atsikana awiri a pa Chintheche, onse a mapointi 24. Woyamba ali ndi 3 pa Masamu, 3 pa Biology, 3 pa Chemistry, 4 pa Agriculture, 5 pa Chingerezi ndi 6 pa Geography. Wachiwiri ali ndi 2 pa Chichewa, 2 pa Bible Knowledge, 4 pa History, 4 pa Chingerezi, 6 pa Masamu ndi 6 pa Biology. Pamudzi anthu adzati ndi ofanana. Pamaso pa osankha ndi anthu awiri osiyana: woyamba ali ndi poyambira pa zaulimi, zausodzi kapena zankhalango, wachiwiri pa uphunzitsi wa zilankhulo ndi mbiri. Onse awiri akalemba udokotala pamwamba, unamwino wa digiri pakati, uinjiniya pansi, onse adzatsala, chifukwa kumeneko n'kumene a mapointi 6 mpaka 12 a dziko lonse adzathamangire.

Sindikuti mwana asalote. Malo oyamba pa fomu alembepo zimene mtima wake ukufuna ngati magiredi akumulola. Koma malo otsalawo asawataye polemba maphunziro ena otchuka omwewo. Ayang'ane amene anthu sawalimbirana kwambiri koma akugwirizana ndi magiredi ake abwino. Chimandidabwitsa n'chakuti mwana wokulira pagombe, wodziwa mwezi umene usipa umagwa ndi pamene batala amabisala, sadziwa kuti ku Mzuni ndi ku LUANAR kuli madigiri a zausodzi. Wina wakula akuona azungu akutsikira ku malo ogona alendo a ku Kande, koma sanamvepo kuti Mzuni imaphunzitsa zokopa alendo. Mitengo ya mphira ya ku Vizara ndi tiyi wa ku Kawalazi nazo zimafuna anthu ophunzira.

Makolo ena akadali ndi maganizo a kota, njira ija yogawa malo potengera boma lochokera, imene inabweranso mu 2009 nthawi ya Bingu wa Mutharika ndipo anthu a kumpoto kuno anaidandaula kwa zaka zambiri. Inathetsedwa mu 2020. Kwa mwana wanzeru kwambiri imeneyi inali nkhani yabwino. Kwa wapakatikati zikutanthauza kuti palibe mpando umene wasungidwira Nkhata Bay, ndipo akupikisana ndi mnzake wa ku Lilongwe amene anali ndi labotale ndi magetsi usiku wonse.

Tsono nkhani ya ndalama. Mawu oti sikolashipu asokoneza mabanja ambiri. Thandizo laulere, kaya la makampani, la mayiko akunja kapena la mabungwe, kawirikawiri limatsata amene akhoza mwapamwamba, ndipo malo ake ndi owerengeka. Wa mapointi 24 akakhala pansi kudikira sikolashipu, mvula idzagwa ndi kukata iye ali pomwepo. Chimene chinakonzedwera iye ndi ngongole ya bungwe la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Bungweli limayang'ana kusowa kwa banja. Wophunzira ayenera kukhala atasankhidwa kale ku sukulu yovomerezeka, ya boma kapena yoyima payokha, kenako apemphe ngongole ndi umboni woti kwawo sangathe kulipira. Ndalama ya fizi imapita kusukulu, ya chakudya ndi pogona imapita kwa wophunzira. Si onse opempha amalandira, ndipo nthawi zina imachedwa, choncho banja lisunge kangachepe ka miyezi yoyamba. Komanso ndi ngongole ndithu: akamaliza n'kuyamba ntchito amayenera kubweza, kuti mng'ono wake adzapeze pobwereka.

Pa umboniwo musachite ulesi. Ngati kholo linamwalira, chikalata cha imfa chipezeke msanga. Chiphaso cha unzika chikhalepo, ndipo dzina lolembedwa pamenepo lifanane ndi la pa satifiketi. Ana akwathu ambiri amalembetsa kusukulu ndi dzina la agogo kapena la amalume amene anawalera, pa chiphaso n'kukhala la bambo. Kachinthu kameneka kamachedwetsa zinthu kuposa mmene mungaganizire, ndipo kwa munthu wa ku Usisya, amene ulendo wa ku boma ndi kudikira sitima ya Ilala kapena kukwera phiri kudzera ku Mzuzu, kubwezedwa kamodzi ndi ndalama ya thumba la ufa.

Dzina likapanda kutuluka, njira sizinathe. Mzuni ndi LUANAR zili ndi maphunziro a digiri ophunzira uli kwanu, ongopita kusukulu nyengo zina. Makoleji a Domasi ndi Nalikule amaphunzitsa aphunzitsi a ku sekondale, ndipo a pulayimale amaphunzira m'makoleji ngati a Karonga ndi Kasungu. Wa magiredi abwino a sayansi ayese unamwino ku St John's ku Mzuzu, ku Ekwendeni, kapena ku Malawi College of Health Sciences. Ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli koleji ya zausodzi, ku Monkey Bay kuli ya zapamadzi, ku Dedza kuli ya zankhalango ndi nyama zakutchire. Ambiri mwa makoleji amenewa amalengeza paokha pa nthawi yawo, kotero musadalire fomu ya NCHE yokha.

Ntchito zamanja timazinyoza popanda chifukwa. Bungwe la TEVETA, lomwe lakhalapo kuyambira 1999, limalemba ophunzira a makoleji ngati Mzuzu Technical ndi Livingstonia Technical, kumene amaphunzira zamagetsi, ukalipentala, zomangamanga, kuwotcherera ndi umakaniko. Injini ya boti ikafa pa Tukombo kapena pa Sanga, mwini wake safunsa mapointi a amene akuikonza.

Mayunivesite oyima paokha, monga University of Livingstonia ya sinodi ya CCAP imene inatsegulidwa mu 2003, amalandira ana ambiri a mapointi apakatikati, koma fizi yake ndi yokwera. Musanagulitse ukonde kapena munda wa chinangwa, onani mndandanda wa NCHE wa sukulu ndi maphunziro ovomerezeka. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene digiri imene mwana akufuna sinavomerezedwe. Ndipo aliyense woimba foni kuti mutumize ndalama akupezereni malo ndi wakuba.

Za kubwereza Fomu 4, maganizo anga ndi awa: kuli ndi phindu ngati vuto likudziwika, monga Chingerezi chimene chaphonya kirediti kapena Masamu otsekereza njira imene mwana akuifunadi. Kubwereza kongofuna kuti 24 akhale 20, ndi aphunzitsi omwewo ndi mabuku omwewo, nthawi zambiri kumangodya chaka.

Gombe lino linayamba kale sukulu. A mishoni anafika ku Bandawe mu 1881, Clements Kadalie wa ku Chifira anakayambitsa bungwe la apantchito ku Cape Town mu 1919, ndipo Kanyama Chiume wa ku Usisya anakhala nduna ya maphunziro dziko lisanalandire ufulu. Lero chikutisowa ndi munthu wokhala pansi ndi mwana pa tsiku lodzaza fomu. Aphunzitsi aakulu, zotsatira zikatuluka itanani ana onse a makirediti asanu ndi limodzi, muwawerengere chilengezo cha NCHE mzere ndi mzere, ndipo fomu iliyonse muione isanatumizidwe.