Mayere a mfuti ku United States

Mayere a mfuti ndi njira yopezera ndalama imene mabungwe ena a ku United States amagwiritsa ntchito. Anthu amagula matikiti, ndipo amene nambala yake yatuluka amapata mfuti ngati mphoto. M'Chingelezi mayerewa amatchedwa gun raffle, ndipo m'chigawo cha Pennsylvania ndi madera oyandikana nacho, phwando lalikulu la mayere otere amalitcha gun bash. Mchitidwewu ndi wofala kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono kumene anthu ambiri ndi alenje. Okonza mayere sayang'ana kwenikweni mfuti yabwino kuposa zonse. Amafuna mfuti imene ingagulitse matikiti ambiri, komanso imene lamulo lingalole kuti ifike m'manja mwa wopambana, yemwe sadziwika mpaka tsiku la mayere.

Amene amachititsa mayerewa

Magulu a ozimitsa moto ogwira ntchito mongodzipereka ndi amene amadziwika kwambiri ndi mayere a mfuti. M'madera ambiri akumidzi, maguluwa amadzipezera okha gawo lalikulu la ndalama zogulira magalimoto ndi zovala zozimitsira moto. Palinso mabungwe a alenje amene amasamalira malo okhala nyama zakutchire, monga Ducks Unlimited, lomwe linayamba mu 1937, National Wild Turkey Federation la mu 1973, Pheasants Forever la mu 1982 ndi Rocky Mountain Elk Foundation la mu 1984. Nthambi za mabungwewa zimakonza phwando la chakudya chamadzulo chaka chilichonse, ndipo mfuti zimakhala pakati pa mphoto zikuluzikulu. Pologalamu ya Friends of NRA, yomwe inayamba mu 1992, imachitanso chimodzimodzi. Magulu a asilikali akale, matimu a masewera a ana, ngakhalenso ofuna maudindo pa ndale, nawonso amachititsa mayere otere.

Kachitidwe kake

Mayere osavuta amakhala ndi mfuti imodzi ndi bokosi la matikiti. Ena amasindikiza kalendala yokhala ndi mfuti imodzi tsiku lililonse kwa mwezi wathunthu, kapena imodzi mlungu uliwonse kwa chaka, zomwe zimakwana mfuti 52. Pa mayere a kalendala, kawirikawiri pamakhala matikiti 1,000 okhala ndi manambala oyambira 000 mpaka 999, ndipo wopambana amadziwika ndi nambala imene lotale ya chigawocho yatulutsa tsikulo. Izi zimathandiza kuti pasakhale wokayikira kuti okonzawo akondera wachibale wawo.

Masamu ake ndi osavuta. Mu 2013 bungwe la akuluakulu a apolisi m'chigawo cha New Hampshire linagulitsa matikiti 1,000 pa mtengo wa madola 30 iliyonse, ndipo linapereka mfuti 31, imodzi tsiku lililonse la mwezi wa May. Matikiti onse pamodzi anali a madola 30,000, ndipo phindu linali lothandizira maphunziro a achinyamata ofuna ntchito ya upolisi. Pa mayere aliwonse otere, phindu ndi ndalama zotsala akachotsa mtengo wa mfutizo. N'chifukwa chake okonza amapempha masitolo kapena makampani kuti apereke mfuti kwaulere kapena pa mtengo wotsika.

Kusankha mfuti

Okonza amayamba kudzifunsa kuti ogula matikiti ndi ndani. Kumene anthu amasaka abakha akutchire ndi mbalame zina, mfuti ya chifefe ndi imene imayenda malonda. Kumene amasaka agwape, anthu amafuna mfuti yaitali yoombera patali, yokhala ndi galasi loonera nyama. Pa phwando lobwera anthu osiyanasiyana, okonza amasakaniza mitundu kuti aliyense apeze yomukopa.

Mayina ena amapezeka kawirikawiri pa ndandanda ya mphoto. Remington 870, chifefe chomwe chinatuluka mu 1950, chinali chitapangidwa chokwana 10 miliyoni pofika mu 2009. Mossberg 500 ndi chifefe china cha mtundu womwewo, ndipo n'chotchipa. Ruger 10/22, ya mu 1964, ndi mfuti yopepuka ya zipolopolo zing'onozing'ono za .22 imene ambiri amaphunzirira kuombera. Mfuti zimenezi si zodabwitsa ayi, ndipo mlenje weniweni mwina ali nazo kale kunyumba. Komabe zimathandiza pa mayere chifukwa aliyense amadziwa dzina lake ndi mtengo wake, ndipo zipolopolo zake zimapezeka m'sitolo iliyonse ya alenje. Mfuti yabwino koma yofuna zipolopolo zosowa imangosangalatsa anthu ochepa odziwa kwambiri za mfuti, pamene bungwe likufuna ogula matikiti mazanamazana.

Pamakhalanso mkangano wa kuchuluka kwa mphoto. Ndi ndalama zomwezo, bungwe lingagule mfuti imodzi yodula, monga Browning Citori kapena chifefe cha Benelli, kapena lingagule mfuti zotchipa zingapo. Mfuti yodula imakopa maso pa chithunzi cholengezera, chifukwa munthu amagula tikiti polakalaka chinthu chimene sakanadzigulira yekha. Mfuti zambiri zotchipa zimachulukitsa opambana, ndipo m'tauni yaing'ono, kumene aliyense amamva kuti mnansi wake wapata, zimenezi zimagulitsa matikiti a chaka chotsatira. Ambiri amaphatikiza njira ziwirizi: mfuti imodzi yapamwamba pamapeto, zina wamba m'katikati.

Mtundu wina ndi mfuti zachikumbutso, zozokotedwa dzina kapena chizindikiro cha bungwe. Ducks Unlimited ndi Friends of NRA amatulutsa mfuti yapadera chaka chilichonse. Mfuti za kampani ya Henry, zooneka ngati za m'zaka za m'ma 1800, zimakondedwa pa ntchito imeneyi chifukwa chitsulo chake chonyezimira chimazokoteka bwino. Zambiri mwa izo sizipita n'komwe kutchire, zimangokhala m'kabati.

Malamulo

Pa mayere oyendetsedwa bwino, wopambana sangonyamula mfuti n'kumapita kwawo. Mfutiyo imadutsa mwa wogulitsa mfuti amene ali ndi laisensi ya boma la dzikolo, motsatira lamulo la Gun Control Act la mu 1968. Wopambana amalemba fomu yotchedwa Form 4473, ndipo mbiri yake imafufuzidwa kudzera mu NICS, nkhokwe ya pa kompyuta imene bungwe la FBI lakhala likuyendetsa kuyambira mu 1998 potsatira lamulo la Brady la mu 1993. Munthu amene anapezeka wolakwa pa mlandu waukulu, kapena pa mlandu wa nkhanza za m'banja, saloledwa kulandira mfuti ngakhale tikiti yake itapambana.

Malamulowa amakhudza mwachindunji kasankhidwe ka mphoto. Wogulitsa wa laisensi sangapereke pisitoli kwa munthu wosakwana zaka 21, pamene mfuti yaitali angaipereke kwa wa zaka 18. Ngati wopambana pisitoli akuchokera ku chigawo china, mfutiyo imayenera kutumizidwa kwa wogulitsa wa kwawo kuti akailandirire kumeneko. Zigawo monga California, New York, Connecticut ndi Massachusetts zimaletsa mitundu ina ya mfuti imene kwina ndi yololedwa, ndipo ku California munthu amadikira masiku 10 asanalandire mfuti. Motero chifefe kapena mfuti wamba yosakira imapatsa okonza mavuto ochepa kuyerekeza ndi pisitoli kapena AR-15. Mabungwe ambiri amalembanso pa tikiti kuti wopambana angathe kusankha ndalama kapena kapepala kokagulira katundu ku sitolo m'malo mwa mfuti.

Mayerewo paokha amayendera malamulo a juga a chigawo chilichonse. Zigawo zambiri zimalola mabungwe osachita malonda okha, ndipo zina zimafuna chilolezo. Utah ndi Hawaii zimaletsa juga pafupifupi ya mtundu uliwonse. Mphoto imawerengedwanso ngati ndalama zimene munthu wapeza, choncho wopambana angafunike kukhoma msonkho.

Mikangano

Mayere ambiri amachitika popanda phokoso. Amene amafika m'manyuzipepala ndi amene mphoto yake ikufanana ndi mfuti yomwe yangopha anthu kumene. Mu January 2011, phungu Gabrielle Giffords anaomberedwa m'mutu ku Tucson, m'chigawo cha Arizona, ndi munthu amene anali ndi pisitoli ya Glock, ndipo anthu 6 anafa. Patangopita miyezi ingapo, nthambi ya chipani cha Republican m'dera la Pima, momwe muli mzindawo, inaika Glock ngati mphoto ya mayere, ndipo inadzudzulidwa kwambiri. Mayere a apolisi a ku New Hampshire aja anatsutsidwanso chifukwa anadza patangotha miyezi yochepa ana 20 ndi akuluakulu 6 ataphedwa pa sukulu ya Sandy Hook mu December 2012, koma anachitikabe. Mu February 2018, anthu 17 ataphedwa pa sukulu ya ku Parkland m'chigawo cha Florida ndi mfuti ya mtundu wa AR-15, zinamveka kuti ana a pulayimale a timu ya baseball ku Neosho, m'chigawo cha Missouri, ankagulitsa matikiti a mayere a mfuti ya mtundu womwewo.

Otsutsa amanena kuti n'kulakwa kuti apolisi, ozimitsa moto kapena ana azichulukitsa mfuti pakati pa anthu. Oikira kumbuyo amayankha kuti wopambana amafufuzidwa mofanana ndi wogula wina aliyense, ndiponso kuti kumidzi palibe mphoto ina imene imagulitsa matikiti ngati mfuti. Chifukwa cha mikangano yotereyi, mabungwe ena anachotsa AR-15 pa ndandanda n'kusiya mfuti zosakira zokha, pamene ena anaona matikiti awo akuyenda malonda kwambiri nkhaniyo itafala.