Agogo akati thupi lonse likuphwanya

Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya matenda a maganizo, sindinalandirepo agogo amene analowa n'kunena kuti akudwala matenda okhumudwa. Amati mutu ukulemera, mtima ukugunda, tulo tikutha tambala asanalire, nsima sikulowa. Mdzukulu wowaperekeza amafulumira kumasulira: "Ndi ukalamba basi, adokotala."

Ine ndimayamba ndi thupi lomwelo. Ndimayeza BP, shuga, ndiponso ngati magazi ndi okwanira. Shuga, sitiroko ndi mawondo opweteka chaka ndi chaka zimayendera limodzi ndi kukhumudwa, ndipo zimadyetsana: wokhumudwa amasiya kumwa mankhwala a BP, matenda akakula mtima umasweka kwambiri. Kenako timadutsa mafunso 9 a papepala loyezera kukhumudwa lotchedwa PHQ-9, okhudza masabata awiri apitawo. Lomaliza, lofunsa ngati amaganiza kuti bola kufa, ndimafunsa mdzukulu atatuluka panja.

Pali funso langalanga limene silili papepalapo: "Agogo, kutchalitchi munapitako liti komaliza?" Yankho lake limandiuza zambiri. Mawondo akakana, ng'ala ikaphimba maso, makutu akayamba kugontha, munthu amasiya kudimba, kumvano, ngakhale kumaliro. Amangokhala pakhonde kuyang'ana nkhuku. Anthu ena akaona agogo achete, okwiyakwiya, amayamba kunong'ona za ufiti, ndipo izi ndiye zimandiwawa.

Nanga foni? Ana ali ku Joni kapena ku Lilongwe, ndalama amatumiza ndithu pa Mpamba kapena Airtel Money. Koma foniyo ili m'thumba la mdzukulu. Zilembo n'zazing'ono, kutchaja n'kolipira kumsika, ndiye agogo amalandira sopo ndi mchere osamvako mawu a mwana wawo. Ndimauza abale kuti asankhe tsiku, kaya Lamlungu masana, aimbe, foni ikhale pakhutu pa agogo eniake.

Mankhwala alipo. Amitriptyline kwa okalamba timayamba pang'ono chifukwa amaumitsa kukamwa ndi kuchititsa chizungulire, munthu angagwe. Amatenga masabata angapo kuti amveke, choncho musataye mtima pa tsiku lachitatu. Kulankhula nakonso kumachiza. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala, kumvetsera anthu oganiza kwambiri ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi.

Pochoka, agogo ndimawapatsa ntchito: mawa ayende mpaka kwa anansi, ngakhale ndi ndodo, ndipo tsiku lobweranso adzandiuze amene anawapeza pakhomopo.